Nokuthula Simelane: Mtsikana Amene Alibe Manda

Tikamaphunzila za nkhondo yomenyela ufulu kum'mwela kwa Africa, timamva maina a amuna akulu-akulu: Kaunda, Tambo, Mandela. Ine lelo nifuna nikuuzeni za mtsikana wa zaka 23, msinkhu wa ambili a imwe amene muŵelenga izi pa foni m'komboni. Dzina lake ni Nokuthula Simelane. Anasoŵa mu September 1983 mumzinda wa Johannesburg, ndipo ngakhale papita zaka zopitilila 40, mafupa ake sanapezeke.

Nokuthula anakulila ku Bethal, tauni ya kum'maŵa kwa Johannesburg, m'cigawo cimene lelo cichedwa Mpumalanga. Anaphunzila pa University of Swaziland, ndipo pamene anasoŵa anali atatsala pang'ono kulandila digili yake. Koma anali na nchito ina imene ngakhale anzake ambili sanali kuidziŵa. Anali mtenga-mtenga wa Umkhonto we Sizwe, gulu la nkhondo la cipani ca ANC. Anali kunyamula mauthenga pakati pa akulu-akulu a gululo ku Swaziland na anthu awo mkati mwa South Africa.

Apa m'pamene nkhaniyi ikhudza ife. Zaka zimenezo ANC inali yoletsedwa kwawo, ndipo likulu lake linali kuno ku Lusaka. Oliver Tambo anali kukhala ku Chelston, ndipo Radio Freedom inali kuulutsa mawu kucokela m'dziko lathu. Koma zimene atsogoleli anali kupangana kuno sizikanafika ku Soweto popanda munthu wolumpha nazo malile. Kunalibe WhatsApp, ndipo makalata na mafoni apolisi anali kuzichela khutu. Uthenga unali kuyenda na miyendo ya acinyamata monga Nokuthula. Ngozi inali yaikulu cifukwa mu 1982 boma la Swaziland linali litasaina pangano lacinsinsi la zacitetezo na boma la tsankho la ku Pretoria.

Tsiku limene anasoŵa, Nokuthula anapita ku Carlton Centre, nyumba ya nsanjika 50 imene panthawiyo inali yaitali kuposa zonse mu Africa. Anali na pangano lokumana na munthu amene anali kumuona ngati mnzake wa m'gulu. Koma munthuyo anali kazitape wa apolisi a Security Branch a ku Soweto. Anamutsogolela pansi pa nyumbayo, poimika mamotoka, ndipo kumeneko apolisi anamugwila na kumuponya m'buti ya motoka. Poyamba anamusunga m'mafulati a apolisi ku Norwood. Pambuyo pake anamupeleka ku famu ina kufupi na Northam, kumene anamusunga kwa mawiki angapo.

Sanamupeleke ku khoti, ndipo makolo ake sanauzidwe ciliconse. Anamufuna-funa ponseponse. Mu 1990 ANC italoledwanso, anthu amene anathaŵila kuno na kumaiko ena anayamba kubwelela kwawo. Mabanja ambili anakumbatila ana awo amene anali kuganiza kuti anafa kale. Nokuthula sanali pakati pawo.

Coonadi cinayamba kutuluka pang'ono-pang'ono pakati pa zaka za m'ma 1990, pamene nyuzipepala ya Sowetan inalemba za iye ndipo wina amene anali wapolisi anaulula zimene anaona. Nthawi imodzimodziyo dziko la South Africa linakhazikitsa bungwe la Truth and Reconciliation Commission, kapena kuti TRC, lotsogoleledwa na Archbishop Desmond Tutu. Lamulo lake linali lakuti munthu amene anacita mlandu pa zifukwa za ndale angakhululukidwe, koma pokhapo ngati waulula zonse osabisako kanthu.

Pamaso pa TRC apolisi aja anagaŵikana paŵili. Apolisi aciyela, kuphatikizapo Willem Coetzee na Anton Pretorius, anavomela kuti anamugwila. Koma anati Nokuthula anavomela kukhala kazitape wawo, ndipo anamusiya wamoyo kumalile a Swaziland. Ena mwa apolisi akuda amene anali kumulonda pa famupo anakamba zosiyana. Anati anamenyedwa koopsa, anamuchaya na malaiti, anamutsamwitsa na thumba, mpaka nkhope yake inatupa ndipo anali kulephela kuyenda. Panali umboni wakuti anaoneka komaliza ali m'buti ya motoka, atamangidwa.

Onani mmene bodza limagwilila nchito. Mawu akuti "anavomela kukhala kazitape" amacita zinthu ziŵili nthawi imodzi. Amacotsa mlandu wa imfa pa apolisi n'kuukankhila kwa anzake a m'gulu, komanso amadetsa dzina la munthu amene sangathe kudziyankhila. Mu 2001 komiti ya TRC inakhululukila apolisiwo pa mlandu wa kumugwila, koma inakana kukhululukila Coetzee, Pretorius na Frederick Mong pa mlandu wa kumuzunza, cifukwa inaona kuti sanakambe zoona zonse. Palibe aliyense amene anapempha cikhululuko pa mlandu wa kumupha.

Mwina muganiza kuti zitatelo mlandu unapita ku khoti mwamsanga. Iyai. Panapita zaka 14 kuli zii. Mu 2015 mng'ono wake, Thembi, amene panthawiyo anali meya wa Polokwane, anasumila boma kuti likakamizidwe kucitapo kanthu. M'mlandu umenewo Vusi Pikoli, amene kale anali mkulu wa oimba milandu a boma, analumbila kuti andale anali kuloŵelela kuti milandu yocokela ku TRC isayende. Apa m'pamene mtima wanga umaŵaŵa kwambili. Amene anali kulamulila panthawiyo anali a cipani cimodzi-modzi cimene Nokuthula anali kutumikila.

Mu 2016 apolisi akale anayi anaimbidwa mlandu wakupha. Onse anaukana. Kenako mlandu unayamba kucedwa, poyamba cifukwa ca mkangano wakuti ndani alipile maloya awo, pambuyo pake pa zifukwa za matenda. Aŵili mwa anayiwo anamwalila mlandu usanathe. Mu 2019 khoti yaikulu ya ku Pretoria inalamula kuti Nokuthula aonedwe kuti anamwalila. Atate ake anamwalila mu 2001 asanaone pamene mwana wawo anagona.

Imwe mudziŵa mmene malilo amakhalila kwathu. Tenti imaikidwa pabwalo, azimayi amagona m'nyumba, azibambo amacezela pa moto, kwaya imaimba usiku wonse. Tikapita ku Chingwele kapena ku Leopards Hill, timaponya dothi, timaika maluŵa, ndipo mtima umayamba kuvomela. Manje ganizani banja limene silingaike tenti cifukwa palibe mtembo, koma silingalekenso kulila. Amene amasoŵetsa munthu salanga iye yekha. Amalanga banja lonse, caka na caka, ngakhale ana amene anabadwa iye atasoŵa kale.

Ku Bethal anamuimikila cipilala ca cifanizilo cake mu 2009, ndipo mu 2011 anthu ena anacigwetsa. Ngakhale cifanizilo cabe cinawaŵaŵa. Koma cifanizilo si manda, ndipo pepala la ku khoti si malilo. Mu 2025 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anakhazikitsa komiti yotsogoleledwa na Jaji Sisi Khampepe kuti ifufuze cimene cinacedwetsa milandu ya TRC. Zimenezi zinacitika pambuyo pakuti mabanja a anthu amene anaphedwa kapena kusoŵetsedwa asumilanso boma.

Cimene nitengapo ine n'cakuti palibe mbali ya nkhaniyi imene inatuluka yokha. Inatuluka cifukwa mtolankhani analemba, wapolisi wina analephela kupitiliza kukhala cete, ndipo banja linakana kutopa. Ife a Zambia timanyadila kuti tinasunga omenyela ufulu, ndipo tinalipila mtengo wake, monga pamene ndeke za South Africa zinaponya mabomba ku Makeni mu May 1986. Ngati timanyadila zimenezo, tifunikanso kudziŵa maina a anthu amene ananyamula mauthenga aja. Mukadzamva dzina la Tambo pa wailesi, mukumbukilenso la Nokuthula Simelane. Pali anthu amene akali moyo amene adziŵa kumene iye ali.