Makina alibe khadi la chipani, nanga owagwira?

Pali mawu ena amene afala pakati pa achinyamata ophunzira za makompyuta, ndipo pa Chitakale pano amamveka kawirikawiri m'tizipinda tokonzera mafoni ndi tosindikizira makalata. Akuti: "Ife za ndale ayi, ife ndi a makina." Anzawo ena amawatsutsa, amati masiku ano palibe ntchito yoyandikana ndi ndale kuposa imeneyi. Mkanganowu ukafika kwa ine, poti imvi zidandichulukira ndipo ndadyera pa taipilaita ndi kompyuta zaka zambiri, sindithamangira kugamula. Ndimati tiyambe tafunsa mbiri ya dziko lathu, paja safunsa adadya phula. Ndipo mbiriyo, mmene ndimaiwerengera ine, ikunena chinthu chimodzi: makina alibedi khadi la chipani, koma andale zikawathina amathamangira kwa munthu amene wasunga kiyi wa makinawo.

Tiyambire kwathu konkuno. Tiyi adayamba kudzalidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, ndipo pamodzi ndi tiyiyo padabwera munthu wachilendo m'mudzi, dzina lake kalaliki. Iyeyu sankathyola tiyi, komanso sankalamula ngati mzungu kapena kapitawo. Yake idali kukhala pa sikelo ndi pensulo, kulemba kulemera kwa masamba ndi kuchonga tikiti ya masiku amene munthu wagwira. Mukadamufunsa akadayankha ngati ana athuwa: ine ndimangolemba. Koma m'masiku a thangata, pamene munthu ankalipira malo okhala ndi thukuta lake, kachizindikiro kamodzi ka pensulo kankanena ngati banja latsiriza ngongole yake kapena ayi. Buku la kalaliki ndiye lidali kompyuta ya nthawi imeneyo. Pepala silidali ndi mbali, koma dzanja logwira pensulo linkakhala ndi woliopa ndiponso wolimvera chisoni.

Tidumphe zaka 100 tifike mu 1992, chaka chimene ambiri a ife tidachiona ndi maso. Pa 8 March maepiskopi a mpingo wa Katolika adatulutsa kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti, yodzudzula kusowa kwa chilungamo ndi ufulu wolankhula pansi pa ulamuliro wa Dr Kamuzu Banda. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort. Boma lidati ndi kalata youkira, ndipo kupezeka nayo udali mlandu. Nyumba yosindikizira ija idatenthedwa. Pa 6 April a Chakufwa Chihana adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Koma moto udali utagwira kale tchire. Kalatayo pamodzi ndi timapepala tina tosasainidwa tinkachulukana usiku ngati bowa, kudzera pa fotokope ndi pa fakisi, mpaka tinkafika kuno kuphiri titabisidwa m'masokosi ndi m'matumba a ufa.

Tsono taganizani, abale anga, apolisi adapita kukasaka kwa yani? Adalowa m'maofesi momwe mudali makina. Pakati pa anthu ambirimbiri amene adatsekeredwa miyezi imeneyo padali alembi, otaipa ndi ena ogwira ntchito m'chigawo cha makompyuta ku National Bank. Nthawi imeneyo ine ndinkagwira ntchito mu ofesi ina ku Blantyre, ndipo ndikukumbuka fotokope itaikidwa loko, pambali pake buku lolembamo dzina la aliyense wojambula pepala ndi chiwerengero cha mapepala ake. Ambiri a ife sitidali a chipani chobisika chilichonse. Tinkangodziwa pobanda basi. Koma kwa boma la chipani chimodzi, kudziwa pobandako kudali kokwanira kuti ukhale wokayikitsa. Pa 14 June 1993, pamene Amalawi pafupifupi 63 mwa 100 alionse adasankha nyali m'malo mwa tambala wakuda, nyimbo zidatamanda atsogoleri. Za otaipa aja palibe adaimba.

M'zaka zomwezo, ku Chancellor College ku Zomba, Dr Paulos Nyirenda a m'chigawo cha fizikisi adali kulumikiza dziko lino ndi maiko akunja pa makalata a pakompyuta. Njira yake inkatchedwa Fidonet: makalata ankaunjikidwa m'kompyuta imodzi, ndipo nthawi ikakwana kompyutayo inkaimba lamya n'kuwatumiza onse pamodzi. Intaneti yeniyeni idafika mu 1997. M'dziko limene anthu adazolowera kuti kalata ya pa positi itha kutsegulidwa ndi wina isadafike, ichi sichidali chinthu chaching'ono. Ambiri tidakhulupirira kuti tsopano chinyengo chatha, poti makina sanama ndipo salandira chiphuphu.

Chikhulupiriro chimenecho chidagwera m'madzi mu 2013. Boma lidali litaika ndalama zake zonse m'pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa IFMIS, imene cholinga chake chidali kutseka mipata ya kuba. Usiku wa pa 13 September chaka chimenecho, a Paul Mphwiyo, amene adali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, adaomberedwa pa geti la nyumba yawo ku Lilongwe. M'masiku amenewo, ndalama zidayamba kupezeka m'mabuti a magalimoto ndi m'nyumba za antchito a boma a malipiro ochepa. Ndiyo Cashgate imeneyo. Kabedwe kake kadali kosavuta kukamva: wina ankalowetsa m'kompyuta malipiro a kampani imene sidagulitse kanthu ku boma, cheke chinkatuluka, ndalama n'kutapidwa ku banki, kenaka wina n'kufufuta mzerewo m'makina ngati sudalembedwepo. Akatswiri a kampani ya Baker Tilly ya ku Britain adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi 6 yokha, kuyambira April mpaka September. Maiko otithandiza, amene ankapereka pafupifupi K40 pa K100 iliyonse ya bajeti, adatseka mpopi, ndipo mayi Joyce Banda adagwa pa chisankho cha 2014.

Apa ndi pamene ndimawafunsa anyamata aja: kodi wofufuta mzere uja adali ndani? Bwana wamkulu nthawi zambiri sadziwa n'komwe pamene pali batani lake. Pamafunika wina wokhala ndi pasiwedi, wina wophunzira ngati inu nomwe, woti auzidwe kuti "tangochotsani kameneka, achimwene, zinazo tikambirana." Koma mbali inayo ndi yoonanso. Amene adatsata mapazi a zofufutidwazo mpaka milandu kufika kukhoti adalinso anthu a luso lomwelo. Mpeni womwewo udasenda chinangwa, womwewo udacheka chala.

Chisankho cha pa 21 May 2019 chidabweretsa phunziro lina, ndipo pang'ono n'loseketsa. Tidali ndi makina otumizira zotsatira kuchokera m'maboma kupita ku Blantyre, koma chimene chidatchuka pa dziko lonse lapansi ndi kabotolo ka utoto woyera ka Tipp-Ex, kaja tinkafufutira zolakwa pa taipilaita. Madando adachuluka, nkhani idapita ku khoti, ndipo kwa miyezi ingapo dziko lonse lidamata khutu pa wailesi. Pa Chitakale ngakhale ogulitsa nanazi ankadziwa maina a maloya. Tsiku lina kudaimirira mboni ya mtundu wachilendo: a Daud Suleman, katswiri wa makompyuta, amene adaitanidwa ndi mbali ya a Lazarus Chakwera kuti aonetse oweruza mmene, malinga ndi iwo, makina a zotsatira adalowedwera. Agogo amene sadagwirepo kompyuta adayamba kufunsa adzukulu kuti kodi seva n'chiyani. Pa 3 February 2020 oweruza 5 adafafaniza chisankho cha pulezidenti, ndipo zimene zidamveka kwambiri m'chigamulo chawo zidali za pa pepala: utoto woyera uja, mafomu osasainidwa ndi mafomu obwereza. Chisankho chatsopano chidachitika pa 23 June, a Chakwera adapambana, ndipo pambuyo pake a Suleman adasankhidwa kukhala mkulu wa MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga. Aliyense ali ndi kamvedwe kake pa zimenezi. Ine ndikungoonetsa kuti njira yochoka pa kompyuta kupita pakati pa bwalo la ndale ndi yaifupi kuposa yochoka pa Chitakale kupita pa boma.

Njirayo ili ndi minga. Dziko loyamba mu Africa kufafaniza chisankho cha pulezidenti ku khoti lidali Kenya, mu 2017. Kutangotsala masiku ochepa kuti anthu akaponye voti pa 8 August, mkulu woyang'anira makompyuta ku bungwe lawo la chisankho, a Chris Msando, adapezeka ataphedwa. Sadali pa mndandanda wa opikisana, sadaimepo pa nsanja ya msonkhano. Adali wa makina basi. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mu 2024 funso lidabwera ndi nkhope ina. Kusindikiza ziphaso zoyendera kudaima, ndipo mu February a Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti alanda makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko ndipo akufuna dipo. Izi zidachitika boma litathetsa, mu 2021, mgwirizano wake ndi kampani ya Techno Brain imene inkayendetsa makinawo. Amene adavutika ndi wophunzira woitanidwa kusukulu kunja, wodwala woyembekeza kukachitidwa opaleshoni ku India, ndi mnyamata wofuna kukasaka ganyu ku Johannesburg. Ndipo anthu wamba adayamba kufunsa funso limene akatswiri ankalifunsa kale: tikagula pulogalamu kwa alendo, kodi kiyi wake amatsala ndi yani? Nyumba ndi yako ngati kiyi ali m'thumba la mmisiri amene udakangana naye?

Funso lomwelo lidabukanso chisankho cha pa 16 September 2025 chisadachitike. Zipani zotsutsa zidakayikira zipangizo za kampani ya Smartmatic zimene bungwe la MEC lidagula, zidati zitha kugwiritsidwa ntchito kubera mavoti, ndipo zidapempha kuti akatswiri apadera aziunike. Mapeto ake, amene adalengezedwa kuti wapambana ndi a Peter Mutharika, a mbali yokayikira ija. Ena amati izi zikusonyeza kuti mantha adali opanda pake. Ena amati phokosolo ndi limene lidachititsa kuti aliyense agone ndi diso limodzi. Mwina onse akunena zoona. Chimene ndidatolapo ine n'chakuti makina amene anthu sangathe kusuzumira m'kati mwake amabala mphekesera, ngakhale atakhala oyera ngati thonje.

Musaganize kuti mbiriyi ndi ya misozi yokhayokha. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, bungwe la Baobab Health ku Lilongwe lidasonkhanitsa achinyamata a Chimalawi amene adalemba okha mapulogalamu olembera odwala pa makina ongogusa ndi chala, ndipo makinawo adathandiza kwambiri m'zipatala zoperekera ma ARV. Mu 2017 anthu oposa 9 miliyoni adalembetsa chitupa cha unzika m'miyezi yowerengeka, ndipo amene adanyamula zipangizo m'midzi adali ana athu omwe. Izinso ndi ndale, koma ndale za mtundu wina: zonena kuti mayi wa ku Likhubula ali ndi dzina m'buku la dziko, ndipo mankhwala ake sasochera.

Tsono ku mkangano uja ndiima pati? Amene amati "ife za ndale ayi" akunena zoona theka. Katswiri wovala nsalu ya chipani pa ntchito wadzigulitsa, chifukwa mawa akadzaima m'khoti palibe adzakhulupirire umboni wake. Koma kusavala nsalu sikutanthauza kutseka maso. Kalaliki wa pa sikelo, wotaipa wa 1992, wosunga pasiwedi wa IFMIS ndi mboni ya mu 2019, onsewa adafikiridwa ndi ndale pa desiki pomwe, osaziitana. Kusiyana kwawo kudali pa zimene adachita zitawafika.

N'chifukwa chake mwana wa kuno akamakwera minibasi kupita ku MUST ku Ndata kapena ku MUBAS ku Blantyre, ndimamupatsa kamba wa mawu ochepa. Pasiwedi yako usabwereke munthu, ngakhale akhale bwana amene adakulemba ntchito. Lamulo loti usinthe kapena kufufuta kanthu, pempha libwere polemba ndipo lisainidwe. Wokana kusaina wakuuza kale kuti chinthucho n'chotani. Pulogalamu iliyonse imene ukumanga izisunga mapazi a aliyense wolowamo, iwe wemwe kuphatikizapo. Ndipo boma kapena kampani ikamagula makina kunja, imirira ufunse kuti kiyi atsala ndi yani, ngakhale ukhale wamng'ono pa onse m'chipindamo. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Kwa akuluakulu a boma, a chipani chilichonse chimene chili pa mpando, langa ndi limodzi. Mnyamata amene mwamusungitsa mabiliyoni a dziko m'kompyuta koma mukumulipira ndalama yosafika pa 20 mwezi, mwamuika pakati pa njala ndi mayesero. Ndipo amene wakana kufufuta mzere, ngati palibe lamulo lomuteteza lolimba, mawa mudzamupeza atasamutsidwira ku ofesi yopanda magetsi. Mlandu suola: zimene zidafufutidwa mu 2013 zidatulukira, zimene zidapakidwa utoto mu 2019 zidawerengedwa m'khoti. Pa milandu iwiri yonseyi, choonadi chidapulumuka chifukwa kwinakwake kudali munthu amene adasunga kope.