Pamene mwala unali wofewa

Sunthirani kuno, adzukulu anga. Makolo ankati kalekale dziko linali louma gwa, lopanda chamoyo. Tsiku lina kumwamba kunatseguka, mvula inakhuthuka, ndipo Chauta anatsika pa Kaphirintiwa, ku Dzalanyama, pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse. Thanthwe limene anapondapo linali lisanalimbe. Mapazi a anthu, ziboda za nyama, ngakhale pamene anakhazika mtondo ndi lichero, zonse zinadindika pomwepo.

Inu a sukulu mumaseka mukamva za mwala wofewa. Koma tatsikani kumtsinje chilimwe chino, mukaone matanthwe ena aja a mizere yoyera ndi yakuda, yopindika ngati chitenje chofinyidwa pochapa. Anaupinda ndani mwala? Akatswiri a miyala amati zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo matanthwewo anali pansi penipeni, makilomita ambiri, kumene kutentha ndi kulemera kwa dziko kumaumba mwala pang'onopang'ono osauthyola. Iwo amawerenga zaka, makolo sankawerenga. Kunena kuti mwala unali wofewa, anayamba ndi makolo.

Koma pamwamba pa dziko pano mwala ndi wozizira, ukakokedwa umangosweka. Mapiri a Dedza mukuwaona aja anatsala pamwamba, ife a kunyanja dziko lathu linamira nafe, chifukwa kum'mawa ndi kumadzulo zikutalikirana, mamilimita ochepa pachaka. Nyanja inadzaza m'chigwamo, ndipo kumpoto ndi yakuya mamita 700. Mng'alu wina ukudutsa pakhomo pathu pano, kuchokera ku Bilila mpaka kupitirira Mtakataka, makilomita ngati 100. Chikweza chotsetsereka chija m'tsinde mwa phiri, chimene amayi anu amapumirapo ndi mtolo wa nkhuni, ndicho chipsera chake. James Jackson ndi Tom Blenkinsop anachiyeza, nalemba mu 1997 kuti mng'aluwo ukadali wamoyo.

Ife tinadziwa kale kuti pansi sipanagone. Pa 10 Malichi 1989, usiku anthu ali mtulo, kunamveka mkokomo. Mbale zinagwa pathandala, nkhuku zinabalalika, agalu anauwa mudzi wonse. Tinathawira pabwalo, ena atanyamula ana chadodolido. Chivomezicho chinachokera cha ku Salima, kumene makoma anagwera anthu, ena anamwalira, zikwi zambiri anasowa pogona. Agogo anu aakazi anakana kulowanso m'nyumba. Tinagona pansi pa mtengo wa mango mpaka mvula inatithamangitsa.