Wonyamula Katundu pa Doko Amene Anayamba Mafilimu Ali na Zaka 40

Pali funso limene nimamva kawili-kawili kwa anyamata na atsikana amene amabwela ku wailesi kumene nimathandizako: kodi ningasiye nchito iyi kuti nicite cimene mtima wanga ufuna? Wina ali mu shopu ku Kamwala koma afuna kuimba. Wina amakhala mu kabuthi ka mobile money tsiku lonse, m'foni mwake muli nkhani zimene analemba koma palibe anaziwelengapo. Ambili amaonjezela kuti nthawi inapita kale, zaka zafika 30. Ine nilibe yankho lokwanila aliyense. Cimene nili naco ni mbili ya munthu mmodzi wa ku Senegal, Ousmane Sembène, amene anasintha nchito kawili, ndipo kusintha kwaciwili anakucita atayandikila zaka 40.

Sembène anabadwa mu January 1923 ku Ziguinchor, m'cigawo ca Casamance, kum'mwela kwa Senegal. Panthawiyo dzikolo linali m'manja mwa Afalansa. Atate ake anali asodzi. Sukulu sanapite nayo patali: anacotsedwa akali wacicepele atakangana na mphunzitsi wamkulu, ndipo sanabwelelenso m'kalasi. Anayesako usodzi, kenako anapita ku Dakar kumene anali kugwila mapisiweki a umakanika na omanga nyumba. Akapeza kandalama anali kulowa mu sinema kukaonelela mafilimu a azungu. Mu 1944, nkhondo yaciwili ya dziko lonse ili mkati, analowa m'gulu la asilikali akuda a France. Patapita zaka zocepa nkhondo itatha, anakwela sitima yapamadzi mobisala, alibe tikiti, n'kupita ku France. Anagwilako nchito pang'ono mu fakitale ya mamotoka ya Citroën ku Paris, kenako anatsikila ku Marseille, kumene anakhala zaka pafupifupi 10 pa doko, kukweza na kutsitsa katundu m'masitima.

Pa dokopo ndiye panali sukulu yake yeniyeni. Analowa m'bungwe la anchito la CGT, komanso m'cipani ca makominisiti ca ku France. Anali pakati pa anchito a pa doko amene anakana kukweza zida zopita ku nkhondo ya Afalansa ku Indochina. Mabungwe amenewa anali na malaibulale, ndipo munthu uja amene anacotsedwa sukulu anayamba kuwelenga. Mu 1951 anavulala msana kwambili ali pa nchito. Anakhala miyezi asakugwila nchito, ndipo atacila sanathenso kunyamula katundu wolema monga kale. Kwa munthu wodya za mphamvu zake, ici cinali ngati mapeto. Koma cinam'patsa nthawi yoculuka yowelenga. Anapeza mabuku a olemba akuda monga Claude McKay wa ku Jamaica, amene analembapo za umoyo wa anthu akuda pa doko lomwelo la Marseille. Anaonanso cimene cinali kusowa: anchito a ku Africa monga iye sanali kuoneka m'mabuku akudzikambila okha nkhani zawo.

Buku lake loyamba, Le Docker noir, linatuluka mu 1956 ali na zaka 33. Limakamba za wonyamula katundu wakuda ku Marseille amene analemba buku, mzungu n'kumubela. Onani kuti polemba bukuli Sembène sanasiye nchito. Anali kulemba akali munthu wa pa doko. Laciwili linatuluka mu 1957. Mu 1960 kunabwela buku limene linam'chukitsa, Les Bouts de bois de Dieu, limene m'Cizungu limachedwa God's Bits of Wood. Nkhani yake ni ya sitalaka ya anchito a njanji ya Dakar-Niger, imene inayamba mu October 1947 n'kutha mu March 1948. Anchito akuda anali kufuna kuti aziwaona mofanana na anzawo acizungu pa malipilo na zina zonse. M'bukuli azimayi ndiwo amanyamula sitalaka njala ikafika povuta, mpaka kuyenda pansi kucokela ku Thiès kukafika ku Dakar.

Apa munthu wina akanakhala pansi n'kupuma. Senegal inali itapeza ufulu mu 1960, iye anabwelela kwawo ali wolemba wodziwika, dzina lili m'manyuzipepala. Koma atayenda m'maiko angapo a mu Africa anaona cinthu cimene cinam'sowetsa mtendele. Mabuku ake anali m'Cifalansa. Asodzi, anchito a njanji, azimayi a m'misika, anthu onse amene anali kuwalemba, ambili a iwo sanali kuwelenga Cifalansa, ndipo ena sanali kuwelenga n'komwe. Mabuku okamba za osauka anali kuwelengedwa na kagulu kocepa ka ophunzila a m'tauni na azungu a ku Paris. Koma anthu omwewo amene sanali kugula mabuku anali kudzaza masinema madzulo, monga mmene iye anali kucitila ali mnyamata.

Kuti timvetse kukula kwa cimene anaganiza kucita, tikumbukile kuti m'maiko olamulidwa na France munali lamulo la mu 1934, lochedwa Laval, lakuti palibe angajambule filimu popanda cilolezo ca boma la atsamunda. Lamuloli linatsekela Aafilika kujambula mafilimu kwawo. Paulin Soumanou Vieyra na anzake atafuna kujambula ku Senegal anakanizidwa, cakuti filimu yawo ya mu 1955, Afrique-sur-Seine, anaijambulila ku Paris. Conco pamene Sembène anali kuganiza zoyamba mafilimu, kunalibe makampani, kunalibe sukulu, kunalibe akamba oti angam'sonyeze njila kwawo. Anafunsila malo ophunzila kunja, ndipo kumene kunatseguka ni ku Soviet Union. Mu 1962 anali ku Moscow, ku situdiyo ya Gorky, akuphunzila kwa Mark Donskoy. Wolemba wochuka anakhalanso mwana wa sukulu ali na zaka 39.

Atabwelela anajambula Borom Sarret mu 1963, caka cimodzi Zambia isanapeze ufulu. Ni filimu yaifupi, ya mphindi pafupifupi 20. Imatsatila tsiku limodzi la munthu woyendetsa ngolo ya hachi mu Dakar. Amanyamula anthu ena osalipila, kenako bwana wovala suti amam'nyengelela kuti alowe naye ku mayadi kumene ngolo n'zoletsedwa. Wapolisi amam'landa ngolo, bwana uja amakwela motoka n'kupita osalipila, ndipo mwini ngolo amabwelela ku nyumba wapansi, alibe kalikonse. Aliyense amene anaonapo wa wilibala akuthamangitsidwa m'tauni angaimvetse filimu iyi olo osadziwa cinenelo cake.

Mu 1966 anatulutsa La Noire de..., imene ambili amaiwelenga monga filimu yaitali yoyamba yopangidwa na munthu wa mu Africa wa kum'mwela kwa Sahara imene inadziwika dziko lonse. Ni ya mtsikana wa ku Dakar, Diouana, amene mabwana ake acizungu amam'tenga kupita naye ku Antibes ku France. Iye amaganiza kuti akaona dziko, koma amakhala wotsekeledwa m'nyumba, kuphika na kukolopa, mpaka amadzipha. Filimuyi inapata mphoto ya Jean Vigo ku France.

Koma cinali cikali cosakwana, cifukwa mafilimu awa anali kukamba Cifalansa. Mu 1968 anajambula Mandabi m'Ciwolofu, cinenelo cimene anthu ambili a ku Senegal amakamba. Opeleka ndalama anafuna kuti pakhalenso ya Cifalansa, conco anajambula ziwili. Nkhani yake mungaganize kuti inacitika dzulo. Mdala wina wosagwila nchito, Ibrahima Dieng, amalandila ndalama pa positi kucokela kwa mphwake amene amasesa misewu ku Paris. Kuti azitenge afunika citupa. Kuti apeze citupa afunika pepala la kubadwa na zithunzi. Pa ofesi iliyonse pali wina wofuna kudyapo, ndipo ku komboni anthu amva kale kuti walemela, ayamba kubwela kudzakongola. Filimuyi inapata mphoto ku Venice, koma cacikulu cinali cakuti anthu a ku Dakar anamva cinenelo cawo cikucokela pa cinsalu ca sinema. Sembène anali kuona sinema monga sukulu ya usiku ya anthu amene sanapite ku sukulu ya masana. Anali kutenga mafilimu ake kupita nawo m'midzi, kuonetsa, kenako n'kukhala pansi kukambilana na anthu.

Tisaganize kuti pambuyo pake zonse zinayenda bwino. Xala ya mu 1975, imene imaseka mabwana akuda amene analowa m'mipando ya azungu n'kupitiliza kudya cimodzi-modzi, boma linaidulako mbali zina. Ceddo ya mu 1977 inaletsedwa ku Senegal. Cifukwa cimene boma la Pulezidenti Léopold Senghor linapeleka cinali cakuti liwuli liyenela kulembedwa na d mmodzi, ndipo Sembène anakana kusintha. Ambili amaona kuti cimene cinavuta kwenikweni ni mmene filimuyo inaonetsela kulowa kwa cipembedzo mokakamiza. Camp de Thiaroye ya mu 1988, imene anapanga na Thierno Faty Sow, imakamba za asilikali akuda amene anaphedwa na gulu la nkhondo la France pa 1 December 1944 pamene anali kufunsa malipilo awo. Inapata mphoto ku Venice, koma ku France inatha zaka pafupifupi 10 osaonetsedwa m'masinema. Ndalama zinali kuvuta nthawi zonse. Filimu yaikulu imene anailota kwa zaka zambili, ya Samori Touré amene analimbana na Afalansa ku West Africa, anamwalila asanaijambule.

Filimu yake yothela, Moolaadé, anaijambulila m'mudzi ku Burkina Faso, ndipo inatuluka mu 2004 ali na zaka 81. Ni ya mzimayi amene amateteza atsikana othawa mdulidwe wa akazi. Inapambana ku Cannes m'cigawo cochedwa Un Certain Regard. Sembène anamwalila ku Dakar pa 9 June 2007. Lelo amachedwa tate wa sinema ya mu Africa.

Manje tibwelele ku funso lija. Nikawelenga mbili iyi, sinimaona munthu amene anadzuka tsiku lina n'kutaya nchito cifukwa cakuti yam'tola. Pa kusintha koyamba, anayamba kulemba akali pa doko, ndipo anatulutsa mabuku asanacoke ku Marseille. Nchito ija yothyola msana ndiyo inam'patsa cakudya, laibulale, komanso nkhani zolemba. Popanda doko sipakanakhala Le Docker noir. Amene muli mu shopu kapena mu kabuthi, anthu amene amabwela pa windo panu tsiku lililonse ni anthu amene olemba ena sawadziwa mmene muwadziwila imwe.

Kusintha kwaciwili ndiye kunali kolimba mtima maningi, cifukwa apa anali na cotaya. Anali na dzina kale, ndipo analowa nchito imene akanatha kulephela pamaso pa anthu onse. Cimene cinam'kankha ni funso lakuti nchito yake ifika kwa ndani. Atapeza kuti siifika kwa amene anali kuwafuna, anasintha cida, koma anthu ake na nkhani zake zinakhala zomwezo. Kulemba sanakusiye: Mandabi na Xala zonse zinali mabuku komanso mafilimu. Ndipo asanagwile kamela anapita kukaphunzila. Izi zisiyana na kugula kamela pa nkhongole lelo, mawa n'kulemba pa Facebook kuti ndine dailekita.

Sinikamba kuti aliyense amene adzasiya nchito adzakhala Sembène. Iye anapeza malo ophunzila ku Moscow cifukwa ca ndale za nthawi ija, pamene maiko a kum'mawa na a kumadzulo anali kulimbilana Africa. Mwayi wotele suli pa aliyense. Ena a ise tili na lenti, tili na ang'ono athu amene tilipilila sukulu, ndipo kusiya malipilo a pamwezi kumakhudza nyumba yonse. Ndiye cifukwa cake mbali ya ku Marseille ni yofunika kuiganizila: zaka zambili za kugwila nchito masana na kulemba pa nthawi yotsala.

Nkhani ya cinenelo ikali na ise kuno. Rungano Nyoni, amene anabadwila mu Lusaka n'kukulila ku Wales, anajambula I Am Not a Witch kuno ku Zambia, mmene mumamveka Cinyanja na zinenelo zina zathu, ndipo inapata mphoto ya BAFTA mu 2018. Mu 2024, na filimu ya On Becoming a Guinea Fowl, anapata mphoto ya udailekita ku Cannes m'cigawo comwe cija ca Un Certain Regard, patapita zaka 20 kucokela pamene Moolaadé inapambana kumeneko. Ise a pa wailesi timaona tsiku lililonse kuti pulogilamu ikasintha kucoka ku Cizungu kupita ku Cinyanja, mafoni amayamba kulila, ndipo oimba ni anthu ena amene poyamba anali cete.

Conco kwa amene mumanifunsa ngati nthawi inapita, onani zaka izi: buku loyamba pa 33, sukulu ya mafilimu pa 39, filimu yaitali yoyamba pa 43, yothela pa 81. Musanalembe kalata yosiya nchito, yankhani funso limene Sembène anadzifunsa atabwelela kwawo: cimene mufuna kupanga ni ca ndani, ndipo cidzawafika bwanji? Mukapeza yankho, yambani madzulo ano mukaweluka, nchito ikali m'manja.