Kanema Wosalankhula ndi Omulankhulira

Sándor Korda wa ku Hungary, amene dziko linadzamudziwa kuti Alexander Korda, anayamba kuwongolera mafilimu mu 1914, kanema asanakhale ndi mawu. Wowongolera wa masiku amenewo anali ndi zida zowerengeka. Choyamba ndi kuyandikiza kamera: nkhope ya wosewera imadzaza chinsalu chonse, mkwiyo n'kuoneka m'maso popanda woutchula. Zithunzi zikakanika kunena, pankabwera chikwangwani cha mawu olembedwa, ndipo waluso ankachigwiritsa ntchito moumira. Az aranyember, imene Korda anajambula mu 1918, ndi imodzi mwa filimu zake zochepa zimene zinapulumuka. Zambiri zinatayika, poti filimu ya nthawiyo inkayaka ngati udzu wa mu Okutobala.

Koma chida choopsa ndi kudula ndi kulumikiza. Onetsani bambo akutsegula chitseko, kenako mayi akubisa kalata m'chitenje: palibe wanena kanthu, koma oonera aweruza kale mlandu. Wogwira lumo ndiye mwini nkhani. Korda atachoka kwawo mu 1919 anakhazikitsa London Films mu 1932, ndipo mu 1935 kampaniyi inatulutsa filimu ya Sanders of the River, yowongoleredwa ndi mng'ono wake Zoltán. Paul Robeson anasewera mfumu ya ku Africa poganiza kuti akulemekeza anthu akuda. Ataona momwe anailumikizira, yangosanduka yotamanda atsamunda, anaikana.

Chaka chomwecho a Bantu Educational Kinema Experiment anayamba kuyendayenda ndi mafilimu awo, mpaka kufika kuno ku Nyasaland, mawu ofotokozera akuchokera m'galamafoni. Central African Film Unit, yokhazikitsidwa mu 1948, inadalira munthu wamoyo woima pambali pa chinsalu. Chikwangwani chikanathandiza chiyani pabwalo pamene ambiri sanapite kusukulu? Wofotokozera ndiye ankanena kuti uyu ndi mlimi wanzeru, uyo ndi mlesi, ndipo mzungu wosamva Chinyanja sakanadziwa ngati uthenga wapotozedwa panjira.

Ntchito imeneyi sinafe. M'nyumba zoonetsera kanema pa Nsaru kapena pa Namitete, filimu ya ku China imalankhula Chichewa cha womasulira, amene amapatsa osewera mayina akumudzi n'kuthira nthabwala zake pamene mwini filimu anafuna misozi. Ena amati uku n'kuononga. Ine ndimaona luso, ngakhale ena mwa omasulirawa amalongolola mpaka kuphimba nkhope imene ikanalankhula yokha.