Ana Obadwa ndi HIV: Nkhondo ya Banja la Glaser

Mliri wa Edzi utangoyamba, ambiri ankauona ngati vuto la akuluakulu okha. Banja lina la ku Los Angeles, m'dziko la America, linathandiza kusintha maganizo amenewa. Mu 1981, Elizabeth Glaser, mkazi wa katswiri wa mafilimu Paul Michael Glaser, anataya magazi ambiri pobereka mwana wake woyamba, Ariel, ndipo magazi amene anamuthira anali ndi HIV, kachilombo kamene nthawi imeneyo kanali kasanadziwike n'komwe. Ariel anakatenga poyamwa, ndipo mlongo wake Jake, wobadwa mu 1984, anakatenga ali m'mimba.

Mu 1987 boma la America linavomereza AZT, mankhwala oyamba olimbana ndi kachilomboka, koma a akuluakulu okha, popeza panalibe kafukufuku wokwanira wa mmene angagwirire ntchito mwa ana. Ariel anamwalira mu 1988 ali ndi zaka 7. Poopa kutayanso Jake, chaka chomwecho Elizabeth ndi anzake awiri, Susie Zeegen ndi Susan DeLaurentis, anayambitsa bungwe la Pediatric AIDS Foundation kuti lipeze ndalama zofufuzira za Edzi ya ana. Mu 1992 Elizabeth anayankhula pa msonkhano waukulu wa chipani cha Democratic ku New York, n'kudzudzula atsogoleri chifukwa chochita mphwayi. Anamwalira mu December 1994, ndipo bungwelo linadzatchedwa dzina lake.

Chaka chimene anamwaliracho ndi chimenenso ofufuza anapeza kuti AZT, akapatsidwa kwa mayi woyembekezera ndi khanda lake, amachepetsa kwambiri mpata wopatsirana kachilomboka. Njirayo inali yodula kwa maiko osauka, mpaka mu 1999 pamene kafukufuku wa ku Uganda anaonetsa kuti nevirapine, womwedwa kamodzi ndi mayi pa nthawi yochira ndi kamodzi ndi mwana, amachepetsa mpatawo pafupifupi ndi theka. Bungwe la Glaser linayamba kugwira ntchito m'maiko a mu Africa, kuphatikizapo Malawi. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kutsata ndondomeko ya Option B+: mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV a moyo wonse, osadikira kuyeza chitetezo cha m'thupi. Maiko ambiri anatengera chitsanzochi.

Pamene makanda ambiri ankatetezedwa, ana amene anabadwa kale ndi kachilombo anali kukula, zomwe kale sizinkayembekezeka. Mafunso awo anali atsopano. Mwana auzidwe liti chifukwa chimene amamwera mankhwala tsiku ndi tsiku? Awabise kuti kusukulu yogonera komweko? Akapeza chibwenzi, aulule bwanji? Apa mpamene ntchito ya Jake yagona. Iye anakula wathanzi, ndipo lero ndi kazembe wa bungwe limene mayi ake anayambitsa. Amayendera achinyamata m'maiko osiyanasiyana, n'kumacheza nawo ngati mnzawo amene naye anakula nako kachilomboka. Magulu othandizana otchedwa Ariel Club, komanso ma Teen Club ngati amene chipatala cha Baylor ku Lilongwe chinayambitsa, amapatsa achinyamatawa malo okambirana za kusalidwa ndi kutopa ndi mankhwala popanda manyazi.

Komabe dandaulo la Elizabeth silinatheretu. Mapiritsi a dolutegravir osungunuka m'madzi, oyenera ana aang'ono, anayamba kufika m'maiko ngati Malawi mu 2021, patapita zaka akuluakulu akumwa kale mankhwalawa. Malinga ndi UNAIDS, mu 2023 ana 57 pa 100 alionse amene ali ndi HIV ndi amene ankalandira mankhwala, pamene kwa akuluakulu chiwerengerocho chinali 77. Jake ndi anzake atenga udindo wa mbali ziwiri: kulimbikitsa amene anapulumuka, ndi kukumbutsa maboma kuti ana adakali kumapeto kwa mzere.