Momwe asayansi amayezera magetsi a m'maselo, maziko a Thanzi ORS

Mliri wa kolera womwe udabuka m'dziko muno m'mwezi wa March 2022 udafika m'maboma onse, kuphatikizapo Mchinji, ndipo udapha anthu oposa 1,700. Kumapeto kwa 2023 matendawa adavutanso mumzinda wa Lusaka, komwe amalonda ambiri amapita podzera pachipata cha Mwami. M'maiko onse awiri chida choyamba cha achipatala chidali madzi a mchere ndi shuga, odziwika kuno ndi dzina loti Thanzi ORS. Kagwiridwe ntchito ka madziwa kadamveka bwino asayansi ataphunzira kuyeza magetsi a m'maselo a thupi.

Selo lililonse limakutidwa ndi khungu lopyapyala. Pakhungupo pali mapuloteni omwe ali ngati zipata zolowetsa ndi kutulutsa mchere monga sodium, potassium ndi chloride. Tizidutswa ta mcherewu timanyamula mphamvu ya magetsi, choncho tikamadutsa pachipata pamayenda magetsi ochepa omwe makina angathe kuwayeza.

Njira yoyamba ndi ya voltage clamp. Wofufuza amalowetsa mawaya m'selo, n'kusunga mphamvu ya magetsi pamlingo umodzi, kenaka amayeza magetsi odutsa pakhungu la selolo. Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley a ku Britain adaigwiritsa ntchito pamtsempha waukulu wa nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, ndipo mu 1952 adafotokoza momwe uthenga umayendera m'mitsempha. Adalandira mphoto ya Nobel mu 1963.

Yachiwiri ndi Ussing chamber, yomwe Hans Ussing wa ku Denmark adaifotokoza mu 1951 pofufuza khungu la chule. Kachidutswa ka khungu kapena ka matumbo kamaikidwa pakati pa zipinda ziwiri za madzi a mchere, ndipo makina amaonetsa kuchuluka kwa mchere woolokera mbali ina. Mu 1964 Stanley Schultz ndi Ralph Zalusky adaona kuti akathira shuga wa glucose pamatumbo a kalulu, magetsi amakwera. Izi zidagwirizana ndi ganizo la Robert Crane la mu 1960 loti sodium ndi glucose zimalowera limodzi pachipata chimodzi.

Yachitatu ndi patch clamp, yomwe Erwin Neher ndi Bert Sakmann a ku Germany adailengeza mu 1976. Kachubu kagalasi kosongoka kwambiri kamamatiridwa pakhungu la selo, moti wofufuza amatha kuona chipata chimodzi chikutseguka ndi kutsekeka. Awiriwa adalandira Nobel mu 1991.

Poizoni wa kachilombo ka kolera amachititsa kuti zipata za chloride m'matumbo zikhale zotseguka, ndipo madzi amatsatira mcherewo n'kutuluka m'thupi mochuluka. Koma chipata cha sodium ndi glucose, chotchedwa SGLT1, chimapitiriza kugwira ntchito. Wodwala akamwa Thanzi, shuga amathandiza mchere kulowa m'thupi, madzi n'kulowa nawo.

N'chifukwa chake muyeso ndi wofunika: paketi imodzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi aukhondo. Shuga akachuluka, monga m'zakumwa zozizilitsa kukhosi, amakokera madzi m'matumbo ndipo kutsegula m'mimba kumakula. Wodwala ayambe kumwa Thanzi msanga uku akuthamangira naye kuchipatala.