Ndalama ya Pakhomo la Chipatala

Munthu akadwala, mtima wake umagawika pawiri. Mbali ina amalingalira za ululu umene ukumusautsa m'thupi, mbali ina amalingalira za ndalama zimene akamuuze kuti alipire akafika kuchipatala. Funso lakuti wodwala azilipira kapena azithandizidwa mwaulere lakhala likuzunguza mitu ya atsogoleri a maiko kwa nthawi yaitali. Ena amati chithandizo chikakhala chaulere anthu amachiseweretsa, nadzaza zipatala ndi timatenda totha tokha. Ena amati kulipiritsa kumathamangitsa amphawi, amene mapeto ake amafera kunyumba. Kwa zaka zambiri mbali ziwirizi zinkangokokana ndi pakamwa popanda umboni wogwirika, kufikira pamene akatswiri ena a ku America anaganiza zoyesa nkhaniyi pa anthu enieni.

Ku America anthu ambiri amalipira chipatala kudzera mu inshuwaransi. Iyi ndi njira imene anthu amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi m'thumba limodzi, kuti amene wadwala athandizidwe ndi thumbalo. Maziko ake ndi nzeru yomwe ija ya makolo yakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. M'chaka cha 1965 boma la Pulezidenti Lyndon Johnson linakhazikitsa ndondomeko ziwiri: Medicare yothandiza okalamba, ndi Medicaid yothandiza ena mwa osauka. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndalama zoonongedwa pa zaumoyo zinali kukwera, ndipo aphungu anali kukambirana zoti mwina dziko lonse likhale ndi inshuwaransi imodzi. Koma panalibe amene ankadziwa chimene chingachitike ngati munthu aliyense atamalandira chithandizo osatulutsa kanthu m'thumba mwake.

Kupeza yankho kunali kovuta pa chifukwa ichi. Munthu wodwaladwala ndiye amafunafuna inshuwaransi yabwino, pamene wathanzi savutika nayo. Choncho kuyerekeza anthu a inshuwaransi yabwino ndi anthu opanda inshuwaransi kukanasocheretsa, pakuti magulu awiriwo anali osiyana kale. Panafunika kutenga mabanja ofanana ndi kuwagawa m'magulu mwa njira yonga ya mayere, kuti kusiyana kulikonse kumene kungadzaoneke kukhale kochokera ku malipiro okha.

Ntchitoyi inaperekedwa ku bungwe lofufuza la RAND, la mumzinda wa Santa Monica ku California, ndipo anaitsogolera ndi katswiri wa zachuma, Joseph Newhouse. Kukonzekera kunayamba mu 1971 ndi ndalama za boma. Kulemba mabanja kunayamba mu 1974, ndipo kafukufuku anatha mu 1982. Mabanja pafupifupi 2,750, okhala ndi anthu oposa 7,700, anatengedwa m'madera asanu ndi limodzi, kuphatikizapo mizinda ya Dayton, Seattle ndi Charleston. Onse anali osafika zaka 65. Bungwelo linasanduka ngati kampani ya inshuwaransi, nkumalipira zipatala ndi kusunga mbiri ya ulendo uliwonse wa kwa dokotala. Gulu lina silinkalipira kanthu. Magulu ena ankalipira magawo 25, 50 kapena 95 pa magawo 100 a mtengo wa chithandizo. Komabe panaikidwa malire akuti banja lisalipire koposa madola 1,000 pa chaka, ndipo kwa mabanja opeza zochepa malirewo anali otsikirapo. Mabanja ena anatsatiridwa zaka zitatu, ena zisanu, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chotsatira choyamba chinali choonekeratu: kulipiritsa kumachepetsa anthu opita kuchipatala. Pa madola 100 aliwonse amene anaonongedwa pa munthu wa gulu laulere, pa munthu wa gulu lolipira kwambiri panaonongedwa madola pafupifupi 70. Olipira ankapita kwa dokotala kamodzi kapena kawiri pa chaka kuchepera anzawo, ndipo ogonekedwa m'chipatala anali ochepa ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Chochititsa chidwi n'chakuti munthu akangolowa m'manja mwa dokotala, mtengo wa chithandizo chake sunkasiyana kwenikweni, ngakhalenso ubwino wa chithandizocho. Mphamvu yonse ya malipiro inali pakhomo, pamene wodwala ankadzifunsa ngati alowe kapena abwerere.

Chotsatira chachiwiri chinakhumudwitsa amene ankakhulupirira kuti malipiro amangothamangitsa anthu oseweretsa chipatala. Ofufuza anapeza kuti olipira anachepetsa maulendo osafunikira, inde, koma anachepetsanso pafupifupi chimodzimodzi maulendo amene akanawathandizadi. Chifukwa chake n'chosabisika. Wodwala si dokotala. Mutu ukamamupweteka sadziwa ngati ndi kutopa chabe kapena chizindikiro cha nthenda yoopsa. Mtengo susankha matenda, umangosankha anthu.

Chotsatira chachitatu chinakhudza thanzi lenilenilo. Pa munthu wamba wa thanzi labwino ndi wopeza bwino, panalibe kusiyana kooneka pakati pa olipira ndi osalipira. Koma pa kagulu ka anthu osaukitsitsa amenenso anali odwala kale, pafupifupi anthu 6 pa 100 aliwonse, nkhani inali ina. Pakati pawo, amene ankathandizidwa mwaulere anachita bwino pa matenda a kuthamanga kwa magazi, pa vuto la maso lofuna magalasi, ndi pa chisamaliro cha mano. Kuthamanga kwa magazi ndi nthenda yobisala, imene kawirikawiri imadziwika munthu atapimidwa pamene wabwerera zina. Wosafika kuchipatala amayenda nayo osadziwa. Ofufuzawo anawerengera kuti pa osauka a nthendayi, chithandizo chaulere chinatsitsa chiopsezo cha imfa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi.

Zotsatirazi zitafalitsidwa, mbali iliyonse inatola chimene inakonda. Makampani ambiri olemba anthu ntchito anakweza gawo lolipira ogwira ntchito awo, ponena kuti thanzi la munthu wamba silinaonongeke. Omenyera ufulu wa osauka analoza ku kagulu kaja kamene kanavutika. Akatswiri enanso anaonetsa zofooka za kafukufukuyo: okalamba sanalimo, malire a madola 1,000 ankateteza mabanja ku umphawi wadzaoneni, ndipo anthu ambiri amene anasiyira panjira anali a m'magulu olipira. Newhouse ndi anzake anasonkhanitsa zonse m'buku lotchedwa Free for All? mu 1993.

Panapita zaka zoposa makumi awiri mwayi wina wotere usanapezeke. Mu 2008 boma la chigawo cha Oregon linali ndi ndalama zokwanira kulowetsa anthu pafupifupi 10,000 okha mu Medicaid, pamene olembetsa anali pafupifupi 90,000. Linachita mayere. Akatswiri monga Amy Finkelstein ndi Katherine Baicker anatsatira opambana ndi olephera. Opambana ankapita kuchipatala kwambiri, ngongole zawo za chipatala zinachepa, matenda a shuga ankadziwika mwa ambiri, ndipo ovutika maganizo anachepa. Koma m'zaka ziwiri zoyambirira panalibe kusintha kotsimikizika pa kuthamanga kwa magazi. Phunziro linali lakuti inshuwaransi imateteza chuma cha banja msanga, pamene thanzi la thupi limasintha pang'onopang'ono.

Funso lomweli linafika mu Africa ndi mphamvu yoposa, pakuti kuno amphawi si kagulu kochepa ayi. M'zaka za m'ma 1980 maboma ambiri anali m'ngongole, ndipo zipatala zinkasowa mankhwala. Mu 1987 banki yaikulu ya dziko lonse, World Bank, inatulutsa lipoti lolimbikitsa kuti odwala azilipirako. Chaka chomwecho nduna za zaumoyo za mu Africa zinakumana ku Bamako, likulu la Mali, nizigwirizana zoti anthu azisonkha ndalama zogulira mankhwala m'zipatala zazing'ono za kwawo. Maiko ambiri anayamba kulipiritsa. M'malo ena mankhwala anayambadi kupezeka, koma m'malo ambiri odwala anachepa, ndipo ndalama zotoleredwa zinali zochepa poyerekeza ndi zofunika poyendetsa zipatala.

Apanso mayere anathandiza kuunika choona. M'boma la Busia ku Kenya, Michael Kremer ndi Edward Miguel anayesa mu 2001 kulipiritsa kandalama kochepa pa mankhwala a njoka zam'mimba m'sukulu zina, pamene m'sukulu zina anapitiriza kugawa mwaulere. M'sukulu zaulere ana 75 pa 100 aliwonse analandira mankhwala. M'sukulu zolipira analandira ana 19 okha. Ndipo sizinali kuti ana odwalitsa ndiwo anagula. Monga zinaliri ku Dayton ndi ku Seattle, mtengo sunasankhe matenda. M'chaka chomwecho dziko la Uganda linathetsa malipiro m'zipatala za boma, ndipo odwala, makamaka osauka, anachuluka. Dziko la Zambia linachita chimodzimodzi m'zipatala zazing'ono za kumidzi mu 2006. Komabe ku Uganda kunaoneka vuto lina: mankhwala akatha m'chipatala chaulere, wodwala ankakagulabe kwina. Kutsegula khomo n'kosakwanira ngati m'nyumbamo mulibe kanthu.

Dziko la Malawi lili ndi mbali yake m'mbiri imeneyi. Chithandizo chambiri m'zipatala za boma chakhala chaulere, koma zipatala za mishoni za pansi pa bungwe la CHAM, zimene zambiri zili kumidzi, zimalipiritsa kuti ziyende. Kumene chipatala cha mishoni ndicho chokha chapafupi, mayi woyembekezera wopanda ndalama ankakakamizika kuchira kunyumba. Kuyambira mu 2006 boma linayamba kuchita mapangano ndi zipatalazi, oti lizilipira m'malo mwa amayi oyembekezera ndi makanda. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anapeza kuti mapanganowa anachulukitsa amayi opita kusikelo ndi ochirira kuchipatala. Wina wa chaka chomwecho, wochitidwa m'boma la Neno, anapeza kuti pamene zipatala zina zinayamba kulipiritsa, odwala ofika anachepa ndi oposa theka.

Mbiri yonseyi, kuchokera mu 1974 kufikira masiku ano, siikunena kuti chithandizo chilibe mtengo. Mankhwala amagulidwa, anamwino amalandira malipiro, ndipo wina ayenera kutulutsa ndalamazo, kaya kudzera mumsonkho kaya mu inshuwaransi. Chimene kafukufuku waonetsa n'chakuti nthawi ndi malo otolera ndalamazo zili ndi kanthu. Ikatoleredwa kwa anthu onse akali athanzi, katunduyo amapepuka, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ikatoleredwa pakhomo la chipatala, tsiku limene munthu wagwa ndi nthenda, oyamba kubwerera ndi amene ali osauka ndi odwala nthawi imodzi. Amenewo salembedwa m'kaundula wa chipatala chilichonse, chifukwa sanalowe. Ntchito yaikulu ya ofufuza inali kuwawerenga.